Momwe mungasungire ma akaunti a golosale pa Google Sheets, ngakhale pa foni chabe

Azakhali anga ali ndi kagolosale pamsika wa kwathu, ndipo kwa zaka zambiri ma akaunti awo anali mu kope la hard cover lija la mizere, lina la malonda lina la angongole, ndipo tsiku lina mdzukulu wawo anathira tiyi pa kope la angongole masamba atatu anamatana, mayina onse anasungunuka. Anthu ena anakana kuti alibe ngongole iliyonse, azakhali alibe umboni, ndalama inapita basi. Ndi pamene ndinakhala nawo pansi kuti tiyike zonsezi pa spreadsheet, ndiye zomwe ndilembe apa ndi zomwe tinachita, kuphatikiza pomwe tinalakwitsa poyamba. Ngati muli ndi okala, saluni, mumagulitsa kaunjika kapena ndinu msungichuma wa banki mkhonde njira yake ndi yomweyi mungosintha mayina a zinthu.

Choyamba timvane kaye kuti spreadsheet ndi chani. Ndi tsamba lokhala ndi timabokosi tambirimbiri, mizere yotsika imatchedwa ma column ndipo ili ndi zilembo A, B, C, mizere yopingasa ndi ma row ndipo ili ndi manambala 1, 2, 3, ndiye kabokosi kalikonse kali ndi dzina lake, kamene kali pa column B row 4 ndi B4. Basi. Mphamvu yake ndi yakuti mu kabokosi mukhoza kulemba nambala kapena mukhoza kulemba lamulo, lomwe amalitcha formula, loti kabokosiko kaziwerengera kokha kuchokera ku timabokosi tina, ndipo mukasintha nambala imodzi zonse zodalira nambalayo zimasintha zokha. Maganizo amenewa si achilendo ayi, pulogalamu yoyamba yotchuka inali VisiCalc ya mu 1979 yomwe anapanga Dan Bricklin ndi Bob Frankston, inkagwira pa Apple II ndipo anthu a bizinesi ankagula kompyutayo chifukwa cha pulogalamu imeneyi. Kenako kunabwera Lotus 1-2-3 mu 1983, Excel mu 1985, Google Sheets mu 2006. Ife tinasankha Google Sheets chifukwa ndi yaulere, imagwira pa foni ya Android, ndipo foni ikabedwa kapena kugwera mmadzi zonse zimakhala zili pa akaunti yanu ya Gmail. Amene muli ndi laputopu opanda intaneti, LibreOffice Calc nayo ndi yaulere ndipo ma formula ake ndi ofanana pafupifupi onse.

Langizo langa, kukonza koyambaku pangani pa laputopu, bwerekani kwa mnzanu kapena pitani pa cafe ola limodzi, chifukwa kulemba ma formula pa foni ndi zala zikuluzikulu ngati zanga ndi chilango. Mukamaliza kukonza ndiye tsiku ndi tsiku muzingolowetsa malonda pa foni.

Tsopano lamulo lomwe ndikufuna mulimvetse kuposa china chilichonse mu nkhani yonseyi: row imodzi, chochitika chimodzi. Munthu wagula shuga, row imodzi. Wagulanso sopo, row ina. Musayese kukopera momwe kope lija linkaonekera, pomwe mumalemba tsiku pamwamba ngati mutu kenako zinthu mmunsi kenako total ya tsikulo kenako kudumpha mizere iwiri. Ife tinayamba choncho, zinkaoneka zokongola kwambiri tinapakanso mitundu, koma pofika kumapeto kwa mwezi titafuna kudziwa kuti shuga tagulitsa mapaketi angati kompyuta sinathe kutiuza chifukwa ma total a tsiku anali osakanikirana ndi malonda enieni, ikuphatikiza zinthu kawiri. Tinayambiranso. Kompyuta imafuna zinthu zobwerezabwereza zotopetsa maso, tsiku lilembedwe pa row iliyonse ngakhale ndi tsiku lomwelo ka 40.

Ndiye tsegulani fayilo yatsopano, mmunsi muli ka tab kolembedwa Sheet1, kasintheni dzina kakhale Malonda. Pa row 1 lembani mitu iyi: A1 Tsiku, B1 Katundu, C1 Kuchuluka, D1 Mtengo, E1 Zonse, F1 Kalipiridwe, G1 Dzina, H1 Wooda. Pa Kalipiridwe muzilemba chimodzi mwa izi, Kashi, Mpamba, Airtel Money kapena Ngongole. Dzina mumalemba pokhapokha ngati ndi ngongole. Wooda ndi mtengo womwe inuyo munaodera chinthu chimodzi. Pa E2 lembani =C2*D2 ndi kudina Enter. Chizindikiro cha = ndi chomwe chimauza kompyuta kuti ichi si chiganizo, ndi masamu. Mukalemba 3 pa C2 ndi 2500 pa D2, E2 ionetsa 7500 yokha. Mitengo ndikupereka apayi ndi yongoyerekeza, ikani yanu. Kenako gwirani kakona ka mmunsi kumanja kwa E2 ndi kukokera pansi ma row mazana angapo, formula idzikopera yokha nkusintha kukhala C3*D3, C4*D4 mpaka mmunsi.

Pa mtengo musalembe K2,500 kapena MK2500 kapena 2500 kwacha. Lembani 2500 basi. Mukaphatikiza chilembo kompyuta imaona ngati ndi mawu ndipo siiwerengera, formula imangoonetsa #VALUE! kapena total yanu imatuluka yochepa inu osadziwa chifukwa chake. Njira yodziwira mwachangu, nambala yeniyeni imakhala kumanja kwa kabokosi, mawu amakhala kumanzere. Mukaona mtengo watsamira kumanzere dziwani kuti pali vuto.

Tsiku nalo lili ndi msampha wake. Ife kuno timalemba tsiku, mwezi, chaka, aku America amayamba ndi mwezi, ndiye 03/04 kwa inu ndi 3 Epulo kwa iwo ndi 4 Malichi, ndipo fayilo ikakhala pa makonzedwe a United States izisokoneza mwakachetechete. Pitani pa File, Settings, pa Locale sankhani United Kingdom, nkhani yatha. Chinanso ndi manambala a foni, mukalemba nambala yoyamba ndi 0 monga za 088 kapena 099 zija, spreadsheet imachotsa 0 woyambayo chifukwa imaganiza kuti ndi nambala yowerengera. Yambani ndi ka apostrophe, ' kenako nambala, kapena column yonseyo muiike pa Plain text. Musadandaule kuti ndinu nokha amene zimakuchitikirani, mu 2020 akatswiri a sayansi anachita kusintha mayina a ma gene ena, tinthu ta mthupi tonyamula chibadwa, monga SEPT1 ndi MARCH1 chifukwa Excel inkangowasandutsa madeti.

Tab yachiwiri itcheni Katundu. Apa chinthu chilichonse chomwe mumagulitsa chili ndi row yake imodzi yokha: A Dzina, B Wooda, C Wogulitsa, D Zolowa, E Zotuluka, F Zotsala. Ndiye shuga 1kg, mafuta ophikira, soya pieces, machesi, sopo wochapira, makandulo, mchere, chilichonse row yake. Ngati mafuta mumagulitsa a botolo komanso oyeza mu timachubu, amenewo ndi ma row awiri osiyana. Pa D mumalemba zonse zomwe mwalowetsa mu shopu, mukaodanso mukuwonjezera. Pa E2 ndi pomwe pali zosangalatsa, lembani

=SUMIF(Malonda!B:B,A2,Malonda!C:C)

Mu Chichewa formula imeneyi ikuti, pita ku tab ya Malonda, yang'ana mu column B paliponse pomwe palembedwa dzina lomwe lili pa A2, ndipo uphatikize manambala a mu column C a ma row amenewo. Ndiye ikuuzani mapaketi a shuga onse omwe atuluka chiyambire. F2 ndi =D2-E2, zotsala pa shelefu. Mukafuna onjezerani G2 kuti izikuchenjezani, =IF(F2<5,"ODANI","") kutanthauza kuti zotsala zikachepera 5 ilembe ODANI, apo ayi isalembe kanthu. Azakhali ichi ndi chomwe anachikonda kwambiri, mmawa asanapite ku holoselo amangoyang'ana pomwe palembedwa ODANI.

Koma SUMIF ndi yokhwima mtima. Lero mwalemba Shuga, mawa mwana wanu walemba Sugar, mkucha mwalemba Shuga 1kg, kwa iyo izi ndi zinthu zitatu zosiyana, ngakhale ka space kamodzi kotsalira kumapeto kwa dzina kamakwanira kuti isaone. Mankhwala ake ndi dropdown, kamndandanda kongosankhapo. Sankhani column B ya Malonda, pitani pa Data, Data validation, sankhani kuti mndandanda uchokere ku Katundu column A. Kuyambira pamenepo palibenso kutayipa dzina la katundu, mumangodina ndi kusankha. Pangani chimodzimodzi pa Kalipiridwe, komanso pa mayina a angongole, chifukwa amayi amodzi omwewo mutha kuwalemba dzina lawo lero, mawa make a uje, mkucha aphunzitsi, ngongole yawo nkugawika patatu.

Tsopano pali chinthu chomwe anthu odziwa Excel amakonda kukuuzani ndipo ine ndikuti musachite. Adzakuuzani kuti pa column D ya Malonda muike VLOOKUP kuti mtengo uzibwera wokha kuchokera ku tab ya Katundu. Zimamveka zanzeru ndipo ife tinachitadi, koma taganizani, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ku holoselo inasintha pafupifupi sabata iliyonse, ndiye mukasintha mtengo wa shuga pa Katundu, VLOOKUP ibwerera mmbuyo nkusintha malonda onse akale, shuga yemwe munagulitsa miyezi itatu yapitayo aoneka ngati munamugulitsa pa mtengo wa lero. Ma akaunti anu onse a mmbuyo asanduka bodza inu osakhudza kanthu. Ndiye mtengo wogulitsa ndi wooda pa Malonda muzilemba pamanja nthawi yomwe mwagulitsayo, zikhale zokhomedwa. Ndi ntchito yowonjezera masekondi asanu koma mbiri yanu ikhala yoona.

Poti tanena za mitengo, pali kachizindikiro ka $ komwe kamasokoneza anthu, amaganiza ndi madola. Ayi. Tinene kuti mukufuna kuika 20 peresenti pamwamba pa mtengo wooda pa katundu yense. Pa tab ya Katundu lembani 20% pa kabokosi kamodzi, tinene J1, ndiye pa C2 lembani =B2*(1+$J$1). Ma $ awiriwo akuuza kompyuta kuti ukamakopera formula kutsika, B2 asinthe kukhala B3, B4, koma J1 asasunthe. Mukaiwala ma $ row yotsatira iziyang'ana J2 momwe mulibe kanthu ndipo muzigulitsa pa mtengo woodera, phindu ziro. Ubwino wake, thiransipoti ikakwera mungosintha J1 kukhala 25% mitengo yonse yasintha nthawi imodzi, kenako inu muziona nokha kuti ndi iti yomwe makasitomala angaipirire, chifukwa kompyuta sidziwa kuti shopu yoyandikana nayo ikugulitsa bwanji.

Tab yachitatu ndi ya Ngongole, yomwe inatiyambitsa zonsezi. A Dzina, B Watenga, C Wabweza, D Yotsala. Pa B2:

=SUMIFS(Malonda!E:E,Malonda!F:F,"Ngongole",Malonda!G:G,A2)

SUMIFS ndi mkulu wake wa SUMIF, imalola zoyang'ana zingapo, apa ikuphatikiza ndalama za ma row omwe kalipiridwe ndi Ngongole komanso dzina ndi la munthu ameneyu. Zobweza pangani ka tab kena kakang'ono ka Zobweza, tsiku, dzina, ndalama, row imodzi kubweza kumodzi ngati lamulo lija, ndiye C2 ikhale SUMIF yochokera kumeneko, D2 ndi =B2-C2. Chomwe simuyenera kuchita ndi kufufuta row ya ngongole munthu akabweza, ngati momwe tinkakhwatchira mu kope. Isiyeni. Tsiku lomwe munthu adzabwere nkumati ine ndinabweza kale, mumuonetsa tsiku lomwe anatenga, chomwe anatenga, tsiku lomwe anabweza ndi ndalama zake, mkangano umathera pomwepo mwaulemu popanda kukwezerana mawu pamaso pa makasitomala ena.

Phindu ndi losavuta tsopano, pa Malonda onjezani column I, Phindu, =(D2-H2)*C2, ndipo penapake pa tab yapadera lembani =SUM(Malonda!I:I). Koma apa ndiyime kaye chifukwa ndi pomwe mabizinesi ambiri ang'onoang'ono amafera. Madzulo mwatenga paketi ya shuga kupita nayo kunyumba, mwatapa mu kabati ndalama ya ndiwo, mwana wabwera kuti akufuna ya mayeso, kumaliro mwapereka chipepeso, zonsezo sizilembedwa paliponse chifukwa shopu ndi yanu. Kenako mukudabwa kuti malonda akuyenda koma mashelefu akupepuka, ena mpaka kuyamba kuganizira zoti wina akukutengerani ndalama mmatsenga. Mukudya mpamba. Pangani tab ya Zotuluka, tsiku, chifukwa, ndalama, ndi column imodzi yonena kuti ndi za Shopu kapena za Kunyumba. Lendi, chiphaso cha msika, thiransipoti yokaoda, mayunitsi a magetsi ndi za shopu. Zina zonsezo ndi za kunyumba, ndipo shuga wopita kunyumba alembedwe pa Malonda kuti stock igwirizane, mungowonjezera Kunyumba pa dropdown ya Kalipiridwe. Mwezi woyamba azakhali ataona total ya za kunyumba anakhala chete kanthawi kenako anati chotsani column imeneyo. Sitinachotse.

Ku sukulu zomwe tapangazi amazitcha business information system, ndipo amaphunzitsa kuti si kompyuta yokha, ndi anthu, ndondomeko yogwirira ntchito, data komanso zipangizo zonse pamodzi. Ma row a pa Malonda aja ndi data, zinthu zosaphika, paokha sakuuzani kanthu. Zikaphatikizidwa nkukuuzani kuti makandulo amayenda kwambiri sabata yomwe magetsi akuvuta, kapena kuti sopo uja wakhala pa shelefu miyezi iwiri ndalama itagona, chimenecho ndi chomwe amati information, chinthu chomwe mungapangire chiganizo. Makina a pa till mu supamaketi akuchita ntchito yomweyi ya tab ya Malonda, kungoti iwo amawerenga barcode mmalo motayipa. Ndipo mbali ya anthu ndi ndondomeko ndi yomwe imavuta kuposa ma formula, ngati mnyamata wogulitsa salemba nthawi ya phirikiti masana ndiye zonse ndi zachabe. Ife tinagwirizana kuti masana azilemba mu kope mwachangu ngati kale, madzulo potseka mphindi 20 kulowetsa mu foni, ndi kuwerenga kashi ya mu kabati kuona ngati ikufanana ndi total ya Kashi ya tsikulo. Kamodzi pa sabata werengani katundu weniweni pa shelefu mufananize ndi column ya Zotsala, zikasiyana pali chomwe sichinalembedwe kapena chomwe chayenda ndi miyendo.

Mukazolowera yesani pivot table, pa Insert, Pivot table, pa Rows ikani Katundu pa Values ikani Phindu, ikupatsani phindu la chinthu chilichonse popanda formula ngakhale imodzi. Imagwira bwino pokhapokha ngati munatsatira za row imodzi chochitika chimodzi zija.

Za chitetezo mwachidule. Pa app ya Sheets dinani timadontho titatu pa fayilo ndi kusankha kuti ipezeke offline, netiweki ikasowa kapena bandulo ikatha muzilembabe, idzatumiza yokha intaneti ikabwera. Mukamagawana fayilo ndi munthu, amene akungofuna kuona mupatseni Viewer osati Editor. Wina akafufuta zinthu mwangozi pitani pa File, Version history pa laputopu, mubwezeretsa momwe zinalili dzulo. Ma column a ma formula mutha kuwatseka pa Protect sheets and ranges kuti chala chisaterereke. Ndipo mayina a angongole ndi chinsinsi cha anthu, musaponye screenshot pa gulu la WhatsApp la mpingo kapena la mmudzi pofuna kuwachititsa manyazi, mudzataya kasitomala ndi abale ake onse.

Spreadsheet ilinso ndi malire. Excel ya masiku ano imafika ma row 1,048,576, golosale simudzafikako, koma mtundu wakale wa fayilo wa .xls umathera pa 65,536, ndipo mu Okutobala 2020 ku England anthu pafupifupi 16,000 omwe anapezeka ndi Covid sanalowe mu malipoti pa nthawi yake chifukwa fayilo ya mtundu wakalewu inadzadza. Ndiye bizinesi ikakula, mashopu atatu, ogulitsa ambiri akulemba nthawi imodzi, nthawi yakwana yoganizira database yeniyeni, pulogalamu yopangidwira kusunga data yambiri, kapena pulogalamu ya akaunti. Pakadali pano chaka chilichonse muziyamba fayilo yatsopano, zotsala za Disembala zikhale zolowa za Januwale, foni isamalemedwe.

Ena andifunsa kuti nanga website, kodi shopu isakhale nayo? Website ndi nkhope chabe, HTML ndi yomwe imanena kuti apa pali mutu apa chithunzi apa mtengo, CSS ndi yomwe imaveka mitundu ndi kakonzedwe, koma kuseri kwake kumafunika ma data okonzeka bwino ngati omwe tapangawa, apo ayi ndi chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, tsamba lowala koma mitengo ya chaka chatha ndi katundu yemwe anatha kalekale. Kwa golosale ya pamsika sindikuona chifukwa cholipirira domain ndi hosting, kutanthauza dzina la website ndi malo oisungira pa intaneti, makasitomala anu amadutsa pakhomo. Amene mumagulitsa makeke, zovala kapena mumalandira maoda kuchokera kutali, yambani ndi catalogue ya WhatsApp Business, ndipo ngati mukufuna maoda azilowa okha pangani Google Form ya mafunso ochepa, dzina, chomwe akufuna, zingati, akufuna liti, pa Responses muilumikize ku Sheets, oda iliyonse izigwera pa row yake ndi tsiku ndi nthawi yake. Mukafunadi tsamba Google Sites ndi yaulere ndipo form ija imalowa mkatimo, kungoti muziliyesa pa foni yotchipa ndi netiweki yofooka osati pa laputopu yanu, zithunzi zikhale zopepuka, mtengo ndi nambala yoimbira zioneke pamwamba munthu asanayambe kutsetsereka, chifukwa wogulayo akuwerengera ma MB ake.

Choti muchite lero ngati mukufuna kuyamba, musadikire tsiku loyamba la mwezi. Tsekani shopu madzulo, werengani katundu yense pa shelefu mulembe pa column ya Zolowa, angongole akale aliyense mumupatse row imodzi pa Malonda ndi ndalama yomwe ali nayo pano, pa column ya Katundu mulembe kuti Ngongole yakale, kuchuluka 1, ndipo pa Wooda muike ndalama yomweyo kuti isaoneke ngati phindu. Dzina limenelo muliwonjezerenso pa tab ya Katundu kuti dropdown isalikane. Mawa kasitomala woyamba wa machesi ndi row yotsatira.